Mwana wanga wasankhidwa kupita ku Scotland ndi achinyamata a kumpingo: ndimulole?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo, ndipo wandilola kuti ndiyankhire pano poti funsoli si lake lokha. Mwana wake wamkazi wa zaka 16, yemwe ali Folomu 3, wasankhidwa m'gulu la achinyamata a kumpingo amene akupita ku Scotland kumapeto kwa June. Akakhala milungu iwiri m'makomo mwa akhristu a mpingo umene ali nawo pa ubale kufupi ndi Glasgow, ndipo tikiti akulipira ndi a komweko. Bambo a mwanayo avomera, koma agogo ake akana kwamtuwagalu, akuti akabwerako atataya mwambo. Funso ndi lakuti: "Ndimulole? Nanga ndikamulola, ndimukonzekeretse bwanji?"

Mayi, muloleni apite. Koma musanasaine pepala lililonse, kakhaleni pansi ndi atsogoleri a ulendowu muwapanikize ndi mafunso, ndipo musachite manyazi kuti poti tikiti ndi yaulere. Akuluakulu amene akuperekeza anawa ndi angati, ndipo mwa iwo alipo mzimayi? Mwana wanu akagona nyumba ya yani, yekha kapena ndi mnzake? Ine ndimalimbikira zoti ana azigona awiriawiri. Ku Scotland kuli ndondomeko ya boma yotchedwa PVG, imene imafufuza mbiri ya anthu ogwira ntchito ndi ana, kuphatikizapo odzipereka a m'mipingo. Funsani ngati amene akasunge mwana wanu adadutsamo. A kumeneko funso limeneli sawakwiyitsa, adalizolowera. Mtsogoleri wa kuno akakuyankhani kuti "ndi anthu a Mulungu amenewo, musadandaule," dziwani kuti iyeyo sanafunse. Safunsa anadya phula.

Za mapepala ndinena mwachidule. Pasipoti ikhale m'manja msanga, chifukwa nonse mukudziwa mmene imachedwera. Viza ya alendo ya ku Britain imapemphedwa pa intaneti kuyambira miyezi itatu ulendo usanafike, kenako mwana amakajambulitsa nkhope ndi zala ku Lilongwe. Poti sanakwane zaka 18, pafunika kalata ya chilolezo ya makolo, dzina ndi adiresi ya kumene akagone, ndiponso maina a akuluakulu amene akuyenda naye. Viza imatha kukanidwa ngakhale zonse zili m'malo, moti bungwe la Scotland Malawi Partnership lakhala likudandaula za nkhaniyi kwa zaka zambiri. Muuzeni mwanayo zimenezi pasadakhale, asalengeze kusukulu konse viza isanatuluke. Ndege yolunjika kulibe, adzasintha ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo pasipoti ikhale m'kachikwama ka pathupi.

Tsopano tibwere pa zimene zikuwavuta agogo, chifukwa mantha awo si achabe. Mwana wanu akaona anzake a msinkhu wake akutsutsana ndi makolo awo patebulo, akuitana amalume ndi dzina lawo lenileni, akulandira chinthu ndi dzanja limodzi ali chiimire. Ku Scotland mwana wa zaka 16 amavota pa chisankho cha nyumba ya malamulo ya dzikolo, ndipo kuyambira mu 2020 kholo likamenya mwana wake ndi mlandu. Zonsezi akaziona ndi maso ake. Koma kunena zoona, zambiri mwa izi adaziona kale pa TikTok ali kuchipinda kwake ku Zomba konko. Kusiyana kwake n'kwakuti pafoni amaona chidutswa chabe, pomwe kumeneko akaonanso mwana yemwe uja wotsutsa bambo ake akutsuka mbale, akutulutsa zinyalala, Loweruka akupita kuganyu kusitolo kuti apeze ndalama ya nsapato. Milungu iwiri sifafaniza zaka 16 za maleredwe anu. Agogo apatseni ntchito m'malo mowagonjetsa pa mkangano: amuphunzitse kuphika nsima yosalala ndi futali, poti magulu otere nthawi zambiri amapemphedwa kuphikira owalandira chakudya cha kwathu tsiku lina. Akaona kuti mdzukulu akunyamula za iwo kupita nazo kutali, mtima umatsika.

Chimene chimavuta ana athu kwenikweni si chimene makolo amaopa. Ndi njala, m'nyumba yodzaza chakudya. Kwathu kuno mlendo safunsidwa ngati ali ndi njala, amangoona madzi osamba m'manja afika. Kumeneko amafunsa. Mayi wa pakhomo akafunsa kuti "udya?", mwana wathu woleredwa bwino amayang'ana pansi n'kunena kuti ayi, zikomo, akudikira kuti akakamizidwe. Sakakamizidwa. Mayi uja amatseka firiji, kuzimitsa nyali ya kukhitchini, n'kumufunira usiku wabwino. Mwana amagona m'mimba muli pululu, mawa lake n'kutumiza uthenga kunyumba kuti azungu ndi oumira. Pomwe mayi ujanso kuchipinda kwake akudandaula kwa mwamuna wake kuti mlendo sakukonda chakudya chathu. Muphunzitseni mwana wanu kunena kuti inde akafuna, ndipo akauzidwa kuti adzitengere yekha m'firiji, atengedi, si msampha. Adziwenso kuti nkhomaliro kumeneko ikhoza kukhala buledi wopaka kanthu pakati ndi chipatso chimodzi, basi. Chakudya chotentha chimabwera madzulo, mbatata ya kachewere pafupifupi tsiku lililonse.

Chachiwiri ndi maso. Mwana amene tinamuphunzitsa kuzolika polankhula ndi wamkulu, kumeneko amaoneka ngati akubisa kanthu kapena wakhumudwa. Ayang'ane nkhope ya womulankhula, makamaka pabwalo la ndege pamene akufunsidwa za ulendo wake. Kugwada sikoletsedwa, koma kumawasowetsa mtendere, amayamba kumudzutsa mwamanyazi. Chingerezi cha ku Glasgow nachonso ndi nkhani ina. Mwana amene amakhoza Chingerezi m'kalasi akhoza kutha masiku awiri osamva kanthu, ndipo asaganize kuti ndi umbuli wake, ngakhale anthu a ku London chimawavuta. Apemphe kuti abwereze pang'onopang'ono. Ndipo galu. Galu amagona pampando wa pabalaza, mwina pabedi penipeni, ali ndi dzina ndi mbale yake. Ngati mwana wanu amaopa agalu, nenani pano kuti amupezere nyumba yopanda galu.

Kumapeto kwa June dzuwa ku Glasgow limalowa cha m'ma 10 koloko usiku n'kutulukanso isanakwane 5 koloko m'mawa, choncho tulo timasokonekera masiku oyamba. Iwo amati imeneyo ndi nyengo yotentha, koma kwa ife ndi June wa ku Dedza wokhala ndi mvula yowaza pamwamba pake. Juzi ziwiri, jekete losalowa madzi ndi nsapato zotseka ndi zokwanira. Musawononge ndalama kugula chijasi chachikulu ku kaunjika.

Pali chinthu china chimene ndikufuna mukambirane naye modekha, poti ulendowu ndi wa mpingo. Ana athu amapita akudziwa kuti uku ndiko kudachokera uthenga. David Livingstone adabadwira ku Blantyre ya ku Scotland mu 1813, ndipo nyumba imene adabadwiramo, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, lero ndi malo osungirako mbiri yake. Mosakayika akawatengera kumeneko. Amishoni a Livingstonia adafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876. Ndiye mwana amayembekezera tchalitchi chodzaza kuposa chathu. Lamulungu lake amalowa m'chinyumba chachikulu cha miyala n'kupeza anthu ochepa, ambiri a imvi, kwaya kulibe, mapemphero atha mu ola limodzi. Pa kalembera wa 2022, anthu opitirira theka la a ku Scotland adati alibe chipembedzo chilichonse, ndipo matchalitchi ena adagulitsidwa n'kusanduka nyumba zogona kapena malo odyera. Anzake a msinkhu wake amene akacheze nawo, ena akamuuza poyera kuti sakhulupirira Mulungu. Ana ena izi zimawagwedeza, ena zimawapatsa mtima woweruza, n'kuyamba kulalikira anthu amene akuwadyetsa. Zonse ziwiri zimachepa ngati mwana wamva zimenezi kuchokera kwa inu asananyamuke. Ndipo aone bwino agogo ochepa aja a imvi, chifukwa kawirikawiri ndi omwewo amene adaphika makeke ndi kugulitsa tiyi kwa miyezi kuti tikiti yake ipezeke.

Apa ndiye pali phunziro lolemera la ulendo wonse. Ana ambiri a ku Scotland dzina la Malawi adalimvera pa zopereka. Bungwe la Mary's Meals, limene limaphika phala m'sukulu zathu, ndi la kwawoko ndipo lidayamba ntchito imeneyi ku Malawi mu 2002. Maboma awiriwa adasainirana pangano la ubale mu 2005, nthawi ya Bingu wa Mutharika ndi Jack McConnell, yemwe anali mtsogoleri wa boma la Scotland, ndipo sukulu zambiri kumeneko zili pa ubale ndi sukulu za kuno. Choncho mwana wanu akafunsidwa ngati kwanu kuli magetsi, ngati adaonapo mkango pakhomo, ngati amadya kangati patsiku. Ofunsawo alibe mwano, ndi zimene adaonetsedwa. Koma mwana wa zaka 16 akafunsidwa zotere katatu, amachita chimodzi mwa ziwiri: amayamba kudzichepetsa ndi kukokomeza umphawi poona kuti ukumubweretsera mphatso, kapena amayamba kunama kuti kwathu zonse zili bwino. Ine chimene chimandiwawa kwambiri ndi choyambacho, chifukwa mwana amabwerako ataphunzira kuti nkhope yachisoni imalipira. Muuzeni mosabisa kuti sakupita kukapempha foni, laputopu kapena fizi kwa omusunga. Muikireni m'foni zithunzi za kwanu monga kulili: nyumba yanu, msika, phiri la Zomba, kalasi yake yodzaza, mbaula imene mumaphikira magetsi akazima. Ayankhe ndi zimenezo. Iyenso afunse ake mafunso, chifukwa pakati pa mzinda wa Glasgow akaona mzungu atakhala pansi ndi kapu yopemphera ndalama, ndipo mwina tchalitchi chomwecho chimene chamuitana chimagawa chakudya kwa mabanja osowa a m'deralo.

Za kuthawa, poti ndikudziwa kuti zili m'mutu mwanu ngakhale simunazilembe: ngati muli ndi wachibale ku Britain amene wayamba kale kunong'ona zoti mwanayo "atsalire," mudulireni pomwepo. Mwana wopanda mapepala kumeneko amakhala m'manja mwa aliyense, ndipo gulu la chaka chamawa ndi limene limakanizidwa viza chifukwa cha iye.

Akabwerako, yembekezerani mlungu umodzi kapena iwiri ya "ku Scotland sachita chonchi." Minibasi imunyansa, fumbi limutopetsa. Musamukalipire kuti wayamba matama, ndiponso musamuike pampando wa mfumu. Ntchito zake zapakhomo azipeze zikumudikira. M'malo momufunsa kuti watibweretsera chiyani, mufunseni chimene chidamudabwitsa, chimene chidamukwiyitsa, ndi chimene anzake a kumeneko adadabwa nacho mwa iye. Mayankho enieni amatuluka patapita masiku, nthawi zambiri muli awiri kukhitchini.

Mphatso za omusunga zisakudyereni ndalama. Chitenje chabwino, tiyi wa ku Thyolo, khofi wa ku Mzuzu kapena botolo la Nali lokulungidwa bwino m'chikwama chachikulu ndi zokwanira. Mpunga wa Kilombero musavutike nawo, ena a iwo amaugula konko kudzera m'matchalitchi ndi m'sukulu. Nyama ndi zamkaka zokha musamuikire, saloledwa kulowa nazo m'dzikomo.