Musanagule makina oyeretsera madzi a thanki ya makorali, yezani kaye madzi a pampopi panu

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akukonza thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere ya malita pafupifupi 300, ndipo akufuna kudzaikamo makorali. Waona makina oyeretsera madzi otchedwa RO/DI (reverse osmosis ndi deionization) a masiteji anayi, ena asanu, ena mpaka asanu ndi awiri, tsono wasokonezeka kuti agule ati. Wafunsanso ngati sizingakwane kungothira mankhwala ochotsa klorini m'madzi a pampopi.

Ndiyambe ndi funso lachiwirilo, chifukwa yankho lake ndi lalifupi: ayi, musatero. Mankhwalawo amathana ndi klorini, koma zinthu zosungunuka m'madzi monga phosphate, nitrate, silicate ndi kopa zimatsala momwemo. Tsiku lililonse madzi a m'thanki amauluka ngati nthunzi, koma zinthu zimenezi siziuluka. Mukamadzaza thanki ndi madzi a pampopi, mukuwonjezera zatsopano pamwamba pa zakale. Pakapita milungu ingapo mchenga umene unali woyera umakutidwa ndi fumbi lofiirira la ma diatom, mtundu wa ndere zing'onozing'ono, omwe amadya silicate. Mukapukuta galasi m'mawa, madzulo labwereranso. Kenako ndere zobiriwira zonga tsitsi zimamera pamiyala n'kuyamba kuphimba makorali. Kopa ndiye woopsa koposa, chifukwa ngakhale wochepa kwambiri amapha nkhono, ma shrimp ndi makorali omwe.

Tsono za masiteji. Makina onsewa amagwira ntchito mofanana. Madzi amadutsa kaye m'sefa yogwira matope ndi dzimbiri, kenako m'sefa ya kaboni yochotsa klorini. Kaboniyo ali pamenepo poteteza membrane, sefa ya RO ya timabowo ting'onoting'ono kwambiri, chifukwa klorini amawononga membrane ya mtundu umene uli m'makina ambiri masiku ano. Membrane ndi imene imachotsa zambiri zosungunuka m'madzi, ndipo zochepa zimene zapulumuka zimagwidwa kumapeto ndi resin ya DI, timikanda timene timakoka zosungunuka zotsalazo. Awa ndiwo masiteji anayi. Ena owonjezera nthawi zambiri amakhala kaboni wachiwiri kapena DI yachiwiri. Ngati mukuwafuna kapena ayi, zikudalira madzi a pampopi panu, osati nambala yolembedwa pabokosi.

Choncho gulani kaye kamita ka TDS, koyeza kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi, ndi geji yoyezera presha, ndipo mufunse amene amakupatsani madzi ngati amathira klorini wamba kapena mankhwala ena otchedwa chloramine.

Pa TDS m'pamene ndikufuna mumvetsetse bwino, chifukwa ndalama zambiri za anthu zimathera apa. Membrane iliyonse imachotsa gawo lina la zosungunuka. Yabwino, monga Filmtec ya magaloni 75 patsiku, imachotsa pafupifupi 98 peresenti. Tiyerekeze kuti madzi anu ali ndi TDS ya 300. Membrane imeneyi idzasiya 6 yokha kuti resin imalize. Membrane yochotsa 90 peresenti idzasiya 30. Pamapepala kusiyanako kumaoneka kochepa, koma resin yanu idzatha msanga kasanu, ndipo resin ndi chinthu chimene mudzakhala mukugula chaka ndi chaka. Wogulitsa akalephera kukuuzani dzina la membrane ndi peresenti yake, makinawo asiyeni.

Presha nayo imalowa pomwepa. Magaloni 75 aja, omwe ndi malita pafupifupi 280, amawayeza pa presha ya 50 psi (muyezo wa presha) ndi madzi otentha madigiri 25 Celsius. Madzi akazizira kapena presha ikatsika, makina amatulutsa madzi ochepa, ndipo presha yotsika imachititsanso kuti membrane idutsitse zonyansa zambiri. Geji ikasonyeza pansi pa 40 psi, pampu yowonjezera presha idzakuthandizani kuposa siteji ina iliyonse yowonjezera.

Ngati madzi anu ali ndi chloramine, apo ndiye masiteji owonjezera ali ndi ntchito. Chloramine ndi klorini wophatikizidwa ndi amoniya, ndipo amachedwa kusweka m'kaboni. Pamafunika sefa ziwiri za kaboni, makamaka wopangidwira chloramine. Akasweka, amoniya wina amadutsa membrane n'kukadya resin. Amene amatunga madzi a pachitsime kapena pamjigo vuto lawo ndi lina: madziwo nthawi zambiri amakhala ndi mpweya wa carbon dioxide wambiri, umene umadutsa membrane mosavuta n'kumaliza resin mofulumira ngakhale TDS ili yotsika.

Za kukula kwa makina musadere nkhawa. Pa thanki ya malita 300, magaloni 75 patsiku akukwanirani. Dziwani chabe kuti pa lita imodzi ya madzi oyera, makina wamba amataya malita pafupifupi anayi. Madzi otayikawo mukhoza kuwasunga n'kumachapira kapena kukolopera.

Pewani makina oyeretsera madzi akumwa amene amabwezeramo michere kumapeto. Mchere wa m'thanki unasakanizidwa kale kuti ukathiridwa m'madzi oyera upereke calcium, magnesium ndi alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) pamlingo woyenera. Sankhaninso makina ogwiritsa ntchito sefa wamba za mainchesi 10, zimene makampani ambiri amapanga, kuti musadzakhale womangika kwa wogulitsa mmodzi.

Kwa inu, ndingakulangizeni masiteji anayi okhala ndi membrane yabwino, geji ya presha, ndi kamita ka TDS koyeza malo awiri: madzi akatuluka m'membrane komanso akatuluka m'DI. Ngati pali chloramine, wonjezerani kaboni wachiwiri. Ngati ndalama ilipo, ikani DI yachiwiri, chifukwa resin ikamatha imayamba kumasula zimene inazigwira mofooka, monga silicate ndi amoniya, ndipo kamita ka TDS sikaziona bwino. Kamitako kakangochoka pa 0 kufika pa 1 pa madzi otuluka m'DI, sinthani resin, musadikire kuti yonse isinthe mtundu. Ndipo nthawi iliyonse mukayatsa makina, tayani madzi oyamba otuluka m'membrane kwa mphindi zingapo asanalowe m'DI, popeza makina akaima zosungunuka zimawolokera mbali ya madzi oyera, ndipo madzi oyambawo amakhala ndi TDS yokwera.