Pulasitiki woyaka ngati babu alikodi? Kuyankha achimwene a pa Lizulu

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena okonza mafoni pa Lizulu. Akuti kusukulu anaphunzira kuti magetsi sadutsa mu pulasitiki, nchifukwa chake waya amamukuta naye, nanga izi akumva zoti kuli pulasitiki woyaka ngati babu, nzoona kapena bodza la pa Facebook?

Achimwene, nzoona, komanso aphunzitsi anu sananame ayi. PVC wokuta waya uja magetsi sadutsamo ndithu. Nkhani yagona pa kalumikizidwe. Pulasitiki ndi tcheni chachitali cha ma atomu a kaboni, ndiye pali ena amene mfundo zake zimasinthana, apa imodzi, apa ziwiri, imodzi, ziwiri mpaka kumapeto, ndipo ma elekitironi otsalawo, tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi, samangika malo amodzi.

Zinayamba mwangozi. Mu 1967 ku labu ya Hideki Shirakawa ku Tokyo ankapanga pulasitiki wamtunduwu wotchedwa polyacetylene kuchokera ku acetylene, gasi yemweyu amawotcherera naye ma ekizozi pa boma, ndiye wina anathira mankhwala ofulumizitsa ochuluka ka 1,000 kuposa muyezo, mmalo mwa ufa wakuda panatuluka kachikopa konyezimira ngati siliva. Mu 1977 Shirakawa, Alan MacDiarmid ndi Alan Heeger ku Pennsylvania ku America anakafukiza ndi nthunzi ya ayodini, magetsi nkuyamba kudutsa kuwirikiza ka 10 miliyoni. Mu 2000 atatuwa analandira mphoto ya Nobel.

Ntchito ya ayodiniyo ndimaikonda kwabasi. Taganizani benchi ya mtchalitchi pa Khrisimasi, yodzaza thothotho, palibe angasunthe. Wina akanyamuka, woyandikana naye amasendera, winanso nkusendera, mukaonetsetsa ndi mpata uja ukuyenda pa benchi. Ayodini amazula ma elekitironi ena pa tcheni, mipata ija nkumayenda, magetsi ndi amenewo basi. Vuto lake polyacetylene amaonongeka msanga ndi mpweya, amene anadzagwira ntchito kwenikweni ndi ena monga polyaniline ndi PEDOT wotulukiridwa ndi kampani ya Bayer, amene lero ali mkati mwa ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi) ambiri a pa bodi ya laputopu.

Zoyakazo zinabwera mu 1990 ku Cambridge ku England, gulu la Richard Friend. Pulasitiki wake PPV sasungunuka, ndiye anayamba apanga wina wosungunuka, kumupaka kopyapyala pa galasi, kenako kumutenthetsa mpaka asanduke PPV. Uku ndi uku anaika zodutsa magetsi, chimodzi choonekera ngati galasi. Mbali ina imalowetsa ma elekitironi, inayo mipata, zikakumana pakati mphamvuyo imatuluka ngati kuwala, kobiriwira mopita ku chikasu. Mukasintha kapangidwe ka tcheni, mtundu wa kuwala umasinthanso.

Koma musawauze makasitomala kuti sikilini yawo ndi pulasitiki ameneyu. Ma OLED ambiri a mmafoni, masikilini aja odziwalira okha, ali ndi timamolekyu tating'ono, osati matcheni, njira imene Ching Tang ndi Steven Van Slyke a ku Kodak anaonetsa mu 1987. Kayakidwe kake nkofanana, ndipo zonse zimadana ndi chinyezi ndi mpweya. Nchifukwa chake foni ya OLED ikang'aluka pakona mumaona kadontho kakuda ngati inki, mawa lake kakula, pofika tsiku la msika sikilini yonse yada. Pamenepo musavutike ndi kupukuta kapena kuwotcha, mpweya walowa kale, uzani mwini wake agule ina.