Kodi BP ndiyo ikuiwalitsa bambo anga?

FUNSO: Bambo anga ali ndi zaka 74 ndipo anawapeza ndi BP kalekale. Mankhwala anasiya kumwa, akuti m'thupi ali bwinobwino. Koma masiku ano akuiwalaiwala, chinthu chimodzimodzi afunsa kangapo, ndipo poyenda akukhwekhwereza mapazi. Mwana wanga wa ku koleji akuti asayansi anaona pa makoswe kuti BP imawononga ubongo. Nanga khoswe ndi munthu zikugwirizana pati? Mayi wodandaula, Ntcheu.

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo sakunama. Ubongo wa munthu wamoyo sungautsegule kuti uone mmene ukuwonongekera mwezi ndi mwezi, n'chifukwa chake akatswiri amaphunzirira pa nyama.

M'chaka cha 1963, ku Kyoto m'dziko la Japan, asayansi awiri, Okamoto ndi Aoki, anasankha makoswe omwe magazi awo ankathamanga kwambiri n'kumawakweretsa okhaokha, mpaka anapeza mtundu umene BP yake imakwera yokha. Makoswewa amabadwa abwinobwino, koma akakula BP yawo imafika pa 180 mpaka 200. Pofika 1974 Okamoto ndi anzake anapeza mtundu wina umene umachita sitiroko, ndipo ukaupatsa madzi a mchere sitirokoyo imabwera msanga.

Chimene chimandikhudza ine ndi zimene zimaoneka pa maikulosikopu sitiroko isanafike n'komwe, khoswe akudya, akuthamanga ngati anzake. Timitsempha ting'onoting'ono ta mkati mwa ubongo timakhala titakhuthala ndi kuuma, njira ya magazi itachepa. Khoma lake, limene limaletsa zinthu za m'magazi kulowa mu ubongo, limayamba kuchucha. Apa ndi apo mumaoneka timadontho ta magazi otayika. Timinyewa tolumikiza zigawo za ubongo timasowa mpweya n'kuyamba kufooka. Zili ngati paipi ya kudimba imene yaumira padzuwa: madzi akabwera mwamphamvu siphulika tsiku lomwelo, imangong'aluka pang'onopang'ono.

Tsono za ukalamba. Ofufuza a ku yunivesite ya Oklahoma ku America anakweza BP ya mbewa za miyezi 3 ndi za miyezi 24, zomwe kwa mbewa ndi nkhalamba zenizeni. Mwa zazing'onozo, mitsempha ya ubongo inkadzimanga yokha kuti mphamvu ya magazi isafike kutimitsempha tosalimba. Mwa zokalambazo chitetezo chimenechi chinali chitafooka, ndipo timadontho ta magazi tija tinachuluka, tinabweranso msanga. Ndiye BP imene munthu anaipirira ali ndi zaka 45 imamupweteka kwambiri akafika 74.

Kukayika kwanu kuli ndi maziko ndithu. Khoswe amakhala zaka 2 kapena 3 zokha, ndipo ubongo wake ndi wosiyana ndi wathu. Koma zimenezi zinaonekanso pa anthu. Kafukufuku wotchedwa SPRINT MIND, wa anthu oposa 9,000 a zaka 50 kupita m'tsogolo ku America, anasonyeza mu 2019 kuti amene BP yawo inatsitsidwa kwambiri, chiopsezo choyamba kuiwalaiwala chinachepa ndi 19 peresenti.

Bambo anu apite kuchipatala sabata ino, ndipo muwaperekeze ndi inuyo, buku lawo la kuchipatala lili m'manja. Muwauze adokotala za kuiwalako, za kayendedweko, ndi kuti mankhwala anasiya liti. Musawayambitse nokha mapilitsi akale aja, chifukwa kwa munthu wamkulu BP ikatsika mopitirira amachita chizungulire n'kugwa. Awayezenso shuga, poti kuiwala kumabweranso ndi matenda ena amene amachizika. Zimene zawonongeka kale mu ubongo sizibwerera zonse, koma zotsalazo zikhoza kutetezeka.

Pakhomo, chepetsani mchere m'ndiwo. Bungwe la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Ndikupempheninso, achibale asawakalipire bambo akabwereza funso, ndipo pasapezeke wowatchula ufiti, monga zimachitikira agogo ambiri kumudzi. Mukadzaona kamwa yapotoka, mkono wafooka mbali imodzi kapena mawu sakumveka, musadikire kuti kuche, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.