Ndichititse lendi munda wonse kwa olima soya?

Funso: Ndine mayi wamasiye wa ku Linthipe, ku Dedza. Ndili ndi maekala 3. Bambo wina wa ku Lilongwe akufuna kuchita lendi munda wonsewo kwa zaka 3 kuti azilimamo soya. Ndalama apereka pompopompo, ndipo akuti ganyu ndizipeza momwemo. Ana akufunika fizi. Ndivomere?

Yankho: Mayi, wonse ayi. Soya ali ndi ndalama ndithu, chifukwa makampani oyenga mafuta ophikira ndi opanga zakudya za nkhuku amamufuna chaka ndi chaka. Koma ndalamazo zimatsalira amene ali ndi munda komanso amene angathe kudikira osagulitsa msanga. Mukavomera, inu mwachoka m'magulu onse awiriwo.

Ku Brazil, dziko lolima soya wochuluka kuposa ena onse, chigawo cha Mato Grosso chinalemera ndi mbewuyi, yomwe yambiri imapita ku China. Koma minda yake ndi ya mahekitala zikwizikwi, yolimidwa ndi makina, antchito ochepa. Chuma chinaunjikana kwa eni minda ikuluikulu. Kwathu kuno mathirakitala sanachuluke, koma kuwerengera kwake n'komweko: mtengo wa soya ukakwera, malipiro a ganyu sakwera nawo. Lendi yomwe mwagwirizana lero idzakhala yomweyo chaka chachitatu, pamene kwacha yafooka ndipo chimanga mukugula pa mbale mwezi wa February.

Ndikanakhala inu, ndikanachititsa lendi ekala imodzi, kwa nyengo imodzi yokha. Mulemberane pamaso pa amfumu, abale anu ali pomwepo. Za pakamwa zimasintha soya akabereka bwino. Ekala yachiwiri ikhale ya chimanga. Yachitatuyo limanimo soya wanu. Safuna feteleza wambiri ngati chimanga, ndipo amasiya chonde m'nthaka. Pezani mbewu yocha msanga monga Tikolore, musakanize ndi inokulanti (mankhwala okhala ndi tizilombo tothandiza soya kupanga chonde ku mizu yake), mubzale mizere iwiri pa mzere umodzi. Matenda a dzimbiri muwayang'anire, amatha kufotetsa munda wonse.

Pogulitsa ndi pamene ambiri amalira. Mavenda amafika ndi masikelo awo mu April ndi May, aliyense atasowa ndalama, mtengo uli pansi. Lowani kalabu kapena kopaletivi kuti muzigulitsa pamodzi, ndipo mufunse alangizi za nkhokwe za ACE (bungwe loyendetsa msika wa zokolola), komwe mlimi amasungitsa mbewu n'kulandira lisiti. Fizi ya teremu ino ichokere pa lendi ya ekala imodziyo. Ikaperewera, kongolani ku banki mkhonde, osati kwa akatapila.