Paki ikatsekedwa "kwa kanthawi," amene amalipira ndani?

Achemwali, funso lanu ndaliona: mwamva kuti kuno ku America boma likasowa ndalama limatseka mapaki, ndiye mukufunsa ngati zimenezi zimapulumutsadi ndalama, komanso ngati ulendo wanu ndi ana ungalephereke. Ine ndakhala ku California kuyambira nthawi imene nkhaniyi inavuta, tsono ndiyankha motalika pang'ono, mundipirire.

Choyamba tisiyanitse eni ake. Mapaki monga Yosemite ndi Joshua Tree ndi a boma lalikulu la ku Washington, ndipo amavutika aphungu a kumeneko akalephera kugwirizana pa bajeti, ngati mu October 2013 pamene anatsekedwa masiku 16. Koma mapaki ambiri amene anthu wamba timapitako Loweruka kukawotcha nyama ndi kumanga matenti ndi a boma la chigawo, monga California kapena Minnesota. Awa thumba lawo ndi lina. Yambani mwaona kuti paki yanuyo ndi ya ndani.

Mu 2011, Bwanamkubwa Jerry Brown atangolowa mu ofesi, bajeti ya California inali yoperewera ndi madola oposa mabiliyoni 25. Nthambi ya mapaki inauzidwa kuti idule mamiliyoni 22, ndipo mu May chaka chomwecho inatulutsa mndandanda wa mapaki 70 mwa 278 oti atsekedwe pofika July 2012. Taganizani, dzenje ndi la mabiliyoni 25, inu mwabwera ndi mamiliyoni 22. Kuli ngati kufuna kubweza ngongole ya galimoto posiya kugula machesi. Chaka cha m'mbuyo mwake, 2010, anthu anali atakana pa voti ganizo loonjezera madola 18 pa msonkho wa galimoto kuti ndalamazo zizisamalira mapaki, choncho nawonso ovota asadziyeretse.

Vuto lenileni ndi loti paki si sitolo yoti mukhoma chitseko n'kuika kiyi m'thumba. Muika loko pageti, koma nkhalango ilibe khoma. Amene amabwerera pageti ndi anthu omvera malamulo, omwenso amalipira polowa. Otsalawo amalowera kumbali.

Chitsanzo chimene chimandipweteka ndi Mitchell Caverns, mapanga okongola a boma la California, m'chipululu cha Mojave. Malowa anatsekedwa kumayambiriro kwa 2011, alonda atapuma pantchito ndipo osalembedwa ena, madzinso akuvuta. Ankati ndi kwa kanthawi. Malo ali kutali, palibe woyang'ana. Akuba anadula mpanda, kuthyola zitseko, kuswa mawindo ndi magalasi a zinthu zoonetsa alendo. Anatenga majenereta, mawayilesi a alonda, mpaka kusolola mawaya a kopa amene ankayatsa magetsi m'phangamo. Mapangawo anadzatsegulidwanso mu November 2017. "Kanthawi" kameneko kanatenga zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndalama zokonzera zinachoka m'thumba lomwe lija ankati akuliteteza.

Ku Minnesota zinachitika mwamtundu wina. Bwanamkubwa Mark Dayton ndi aphungu atakanika kugwirizana, boma linaima pa 1 July 2011 kwa masiku 20, mapaki onse n'kutsekedwa. Onani nthawi yake: masiku ochepa lisanafike tchuthi cha pa 4 July, pamene mapaki amadzaza ndi kupanga ndalama zambiri. Mabanja amene anali atamanga kale matenti anauzidwa kuti apasule. Wogulitsa nkhuni, ayisi ndi mafuta m'tauni yapafupi, amene amadalira miyezi yochepa yotenthayi, palibe anam'bwezera kanthu.

Tibwerere ku California, chifukwa kumene nkhaniyi inathera simungakhulupirire. Anthu atamva za mapaki 70 aja sanakhale chete. Lamulo linasinthidwa kuti mabungwe osafuna phindu aziloledwa kuyendetsa mapaki ena. Jack London State Historic Park anaitenga anthu a m'deralo. Henry W. Coe, paki ya chigawo yaikulu kwambiri kumpoto kwa California, inapulumuka ndi ndalama zosonkha. Ine ndinapitako kumsonkhano umodzi wotere: agogo opuma pantchito atakhala pamipando yapulasitiki, khofi wozizira m'makapu a pepala, wina akulemba cheke, wina akulembetsa dzina kuti azidzatsuka zimbudzi Lamlungu. Ndinakumbuka kwathu, mmene Majete inadzukira itaperekedwa m'manja mwa African Parks mu 2003, ngakhale kuti uko nkhani yake inali ya nyama zimene zinatha.

Kenaka mu July 2012, nyuzipepala ya Sacramento Bee ikufufuza, zinadziwika kuti nthambi ya mapaki inali ndi madola pafupifupi mamiliyoni 54 amene sanaululidwe kwa oyang'anira chuma cha boma kwa zaka zambiri. Mkulu wa nthambiyo, Ruth Coleman, anatula pansi udindo. Kunena chilungamo, mamiliyoni oposa 33 anali a thumba la magalimoto oyenda m'tchire, osati ogwiritsa ntchito paliponse. Koma otsalawo, pafupifupi 20, anali kufupi kwambiri ndi 22 uja amene anthu anagonera tulo tosakwana. Aphungu anakhazikitsa lamulo loletsa kutseka mapaki kwa zaka ziwiri. Agogo aja sindikudziwa kuti analembanso cheke china.

Tsono pa ulendo wanu: kutsekeratu paki n'kosowa. Zimene mungakumane nazo kwambiri ndi geti lotsegulidwa kumapeto kwa sabata kokha, zimbudzi zokhoma, kapena malo a matenti otsekedwa. Ma bajeti a zigawo zambiri amayamba pa 1 July, wa boma lalikulu pa 1 October, ndiye ngati ulendo wanu wagwa masiku amenewo muzitsatira nkhani. Onani webusayiti ya pakiyo kutatsala tsiku limodzi, werengani bwino za kubweza ndalama musanalipire, ndipo mutenge madzi anuanu okwanira ana onse.