Woyimba uja sakukunamiza, mdzukulu wanga

Mdzukulu wina wa ku Chibavi, ali Fomu 3, wandilembera pa WhatsApp. Akuti agogo, kusukulu kwathu kunabwera anyamata oyimba, anaimba bwino heavy kenako anayamba kutiuza kuti tisamasute fodya, koma ine ndikuona ngati akungofuna kutchuka coz oyimba ambiri timawaona ndi ndudu pakamwa, komanso fizi yanga imachokera ku fodya amene bambo amalima ku Rumphi, ndiye ndiwamvere bwanji?

Wachita bwino kufunsa mwanawe, paja safunsa anadya phula.

Ndiyambe ndi oyimbawo. Ine ndaimba kwaya ya mpingo zaka zambiri, ndiye ndikudziwa kuti khasu la woyimba ndi chifuwa chake. Tinali ndi mnzathu wina wa tena, mawu ake akakweza tchalitchi chonse chimangoti zii, koma ankakonda chingambwe, ankachita kupichira papepala la nyuzi tikangotuluka mu praktisi. Pang'onopang'ono mawu anayamba kusasa, vesi imodzi osaimaliza, mpaka anasiya kuima kutsogolo nkumakhala kumbuyo akungotsokomola. Kumapeto kwake kachitunda kakang'ono ka ku Masasa ankapuma katatu asanafike pamwamba. Tinamuika m'manda ana ake akadali ku pulayimale, ndipo mpaka lero tikafika panyimbo ina imene ankatsogolera iyeyo mtima wanga umawawa. Ndiye woyimba akaima pamaso panu nkunena kuti fodya amadya mpweya, akunena za chinthu chimene amadyera, sakungobwebweta ayi.

Zoti ena mwa iwo amasuta nzoona, nanenso ndimawaona mtauni muno. Koma ukawafunsa bwinobwino ambiri anayamba ali msinkhu wakowu, ndudu imodzi yogawana anthu anayi kuseri kwa toilet ya sukulu, pano akufuna kusiya koma zikukanika chifukwa mu fodya muli nikotini amene amagwira ubongo, ndipo ubongo wa mwana umagwidwa msanga kuposa wa munthu wamkulu. Munthu wotere akakuuza kuti usayambe, ameneyo ndiye womumvera kwambiri, ali mudzenje ndipo akukuwa kuti usapondepo.

Tsono nkhani ya bambo ako. Apa ndipamene ndikufuna undimvetsetse, usamapeputse thukuta lawo ngakhale pang'ono. Kufesa nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika mu chigafa, kudinda mabelo, kudikira ku okushoni kuno ku Mzuzu mtima uli m'mwamba kuti mtengo ukhala bwanji, zonsezo akuchitira iwe. Fodya wa bale amene timalima kuno wambiri amapita kunja, ndipo ndalama yake yaphunzitsa ana ambiri ku Rumphi ndi ku Mzimba, palibe angakane. Koma holide ikubwerayi ukawafunse kuti bambo, mungakonde kuti ine ndizisuta? Ndikudziwa kale yankho lawo. Iwo akudziwa mmene munthu amachitira chizungulire ndi nseru akathyola masamba onyowa ndi mame tsiku lonse, ameneyo ndi nikotini yemweyo akulowera pakhungu, nanga ukamamukokera dala m'mapapo? Ngakhale boma lathu, lomwe limadalira fodya pa ndalama zakunja, mu 2023 linalowa nawo mu pangano lochepetsa kusuta la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse. A WHO omwewo amati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ena mwa iwo osasuta nkomwe, kungopuma utsi wa anzawo m'nyumba. Khansa ya m'mapapo, ya kukhosi, matenda a mtima, ndipo wosuta akagwidwa ndi TB imamuvuta kwambiri.

Ena amati fodya nchikhalidwe chathu, agogo athu ankasuta. Eya ankasuta, agogo anga aamuna anali ndi kaliwo wawo, agogo aakazi kabotolo ka fodya wa m'mphuno m'chitenje. Koma mwana ntchito yake inali kukapala khala la moto nkubwera nalo atagwada, basi, kukhudza kaliwo kunalibe. Mnyamata wosakwatira kupezeka akufuka utsi pamaso pa akulu inali nkhani yofika kwa amalume. Ndipo akulu aja sankadziwa zimene madokotala akudziwa lerozi, ankangoti nchifuwa cha ukalamba.

Bodza lina limene ndimalimva ku depoti mwezi wa June ndi July kukazizira ndi loti ndudu imatenthetsa thupi. Ayi, nikotini amapanikiza mitsempha ya magazi, zala zimazizira kuposa kale. Vala juzi, imwa tiyi. Ndipo za shisha ndi tima vape tonunkhira ngati switi timene mukupatsana kumapate, musanamizidwe ndi fungolo, shisha ndi fodya yemweyo ndipo ma vape ambiri ali ndi nikotini.

Anyamata oyimbawo akadzabweranso, mwina cha pa 31 May paja ndi tsiku loti dziko lonse lisasute, usakhale kumbuyo nkumaseka ndi anzako. Akamaliza upite ukawapatse moni, uwafunse funso lomweli wandifunsa ineli, umve okha akuyankhe. Ndipo ngati wayamba kale kulawa usandibisire, bwera kunyumba Loweruka tidzakambirane, sindikakuneneza kwa bambo ako usanalankhule nawo wekha.