Ironman ndi ntchito ya tsiku lonse: kodi zingayendere limodzi?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi zaka 39, ndili pabanja ndipo ndili ndi ana awiri. Ndimagwira ntchito ya mu ofesi kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Ndinathamangapo marathon, njinga ndimapalasa Loweruka lililonse, koma kusambira ndimangodziwa kongoti ndisamire. Mtima wanga uli pa mpikisano wa Ironman chaka chamawa. Kodi zingatheke popanda kusiya ntchito, nanga pa sabata pangafunike maola angati? — Bambo wa ana awiri

YANKHO: Bambo, zingatheke, ndipo ambiri mwa anthu amene amamaliza mpikisanowu ndi apantchito ngati inu nomwe, osati akatswiri amene amadyera masewera. Ngakhale mpikisano woyamba, umene unachitikira pa chilumba cha Oahu ku Hawaii mu 1978, unali wa anthu wamba 15 opanda mphotho ya ndalama, ndipo 12 anamaliza, Gordon Haller n'kupambana atatha maola 11 ndi mphindi 46. Mtunda wake sunasinthe: kusambira makilomita 3.8, kupalasa njinga makilomita 180, kenako kuthamanga makilomita 42.2, zonsezo motsatizana tsiku limodzi. M'mipikisano yambiri wochita nawo amapatsidwa maola 17, ndipo amene sanatuluke m'madzi pakatha maola 2 ndi mphindi 20 amachotsedwa pomwepo, njinga yake asanaikhudze n'komwe.

Malire a nthawi yosambirawo ndiwo akundichititsa kukulangizani kuti chaka chamawa muyambe mwayesa theka la Ironman, lotchedwa 70.3, lomwe ndi makilomita 1.9 m'madzi, 90 panjinga ndi 21.1 pothamanga. Kusambira kumasiyana ndi kuthamanga chifukwa mphamvu zokha sizikupititsani patsogolo: munthu amene amadzutsa mutu wonse pofuna kupuma amamiza chiuno ndi miyendo, ndiye madzi amamukoka ndipo amatopa asanafike patali. Pezani mphunzitsi wakusambira kwa miyezi ingapo yoyambirira, kuti akuzolowezeni kutulutsira mpweya m'madzi nkhope ili pansi ndi kupuma potembenuza mutu pang'ono chabe. Kulowa m'dziwe katatu pa sabata kwa mphindi 40 kumathandiza kuposa kusambira kamodzi kwa maola awiri. Tsiku la mpikisano likamayandikira yeseraninso m'madzi opanda malire a dziwe, momwe mulibe mzere wapansi wokutsogolerani, koma musapiteko nokha.

Za maola, ndondomeko zambiri zokonzera anthu apantchito zimatenga miyezi 6 kapena kuposerapo, zimayamba ndi maola 8 mpaka 10 pa sabata, ndipo zimakwera kufika pa maola 13 mpaka 16 kwa masabata ochepa okha mpikisano usanafike. Pafupifupi theka la nthawi imeneyi liyenera kupita ku njinga, popeza pa tsiku la mpikisano njinga ndiyo imadya maola ambiri, ndipo amene watsika panjinga atatheratu marathon amangoyenda wapansi, ngakhale atakhala wothamanga wodziwika. Kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu musafune zambiri: ola limodzi m'mawa musanapite kuntchito, mwina ndi mphindi 30 kapena 40 nthawi yopuma masana pa masiku awiri, ndipo tsiku limodzi likhale lopumula kotheratu. Ulendo wautali wapanjinga uikeni Loweruka, uyambire pa maola awiri n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka maola 5 kapena 6, pomwe kuthamanga kwautali kukhale Lamlungu kapena pakati pa sabata ndipo kusapitirire kwambiri maola awiri ndi theka. Ngati mungathe kugula chipangizo choimikapo njinga kuti muzipalasa muli m'nyumba, chimapulumutsa nthawi yambiri, chifukwa simudikira kuti kunja kuyere ndipo simuima pamphambano. Mukatsika panjinga Loweruka, valani nsapato muthamange mphindi 15 kapena 20 nthawi yomweyo. Miyendo imakhala ngati si yanu, ndipo ndi bwino kuzolowera zimenezi kunyumba kusiyana ndi kukadabwa nazo pa mpikisano.

Komabe chimene chimagwetsa apantchito ambiri, monga ndikuonera ine, si kuchepa kwa maola ayi. Munthu akaona kuti ali ndi ola limodzi lokha, amaganiza kuti ayenera kulithamanga mwaphuma mpaka thukuta kamukamu, mawa chimodzimodzi, ndipo pakatha masabata angapo bondo limayamba kupweteka kapena chimfine sichimuchoka. Katswiri wa sayansi ya masewera, Stephen Seiler, atafufuza mmene akatswiri a mipikisano yautali amakonzekerera, anapeza kuti pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a zokonzekera zawo amazichita mofatsa, ndipo zotsalazo ndizo zimakhala zamphamvu. Muyeso wake ndi wapafupi: ngati simungathe kulankhula chiganizo chathunthu kwa mnzanu mukuthamanga, ndiye kuti mwafulumira. Kuthamanga pang'onopang'ono chotere kumachititsa manyazi poyamba, makamaka ena akamakudutsani, koma ndiko kumalimbitsa mtima ndi minofu popanda kukulepheretsani kugwira ntchito masana ake. Sabata yachitatu kapena yachinayi iliyonse chepetsani maola, ndipo masabata awiri kapena atatu omaliza chepetsani kwambiri kuti mukafike pa mpikisano muli ndi mphamvu.

Vuto lina ndi tulo. Wantchito akafuna nthawi amayamba kuba ya kugona, chifukwa abwana ndi ana salolera, pomwe tulo sitidandaula. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9, ndipo thupi limamanga minofu yotopayo mukugona, choncho ngati mudzuka 5 koloko m'mawa, pofika 10 koloko usiku mukhale mutagona kale. Usiku umene mwana wadwala kapena ntchito yakuchedwetsani, m'mawa mwake gonani ndithu. Ndiponso musanalembetse dzina, khalani pansi ndi mayi a kunyumba muwaonetse kalendala yonse, chifukwa Loweruka la maola 6 panjinga limatanthauza kuti iwo atsala ndi ana okha, ndipo mukabwerako mudzakhala wotopa, wosathandiza kwenikweni.

Kudya muli paulendo nakonso kumafuna kuphunzira. Mphamvu zimene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi zimatha pakapita maola awiri kapena osakwana pamene mukulimbikira, n'chifukwa chake pa mtunda wautali amalangiza kudya magalamu 60 mpaka 90 a makabohaidireti (zakudya zopatsa mphamvu monga shuga) pa ola, ndipo m'mimba mumafunika kuzolowetsedwa pa maulendo a Loweruka aja. Samalani ndi kumwa madzi okhaokha mopitirira muyeso, popeza kumachepetsa mchere m'magazi ndipo kungaike moyo pachiswe. Pa msinkhu wanuwo, onanani kaye ndi dokotala akupimeni mtima ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, imani pomwepo.

FUNSO: Ntchito yanga imandiyendetsa kawirikawiri, ndiye ndimaphonya masiku atatu kapena anayi motsatizana. Kodi ndikabwerako ndiziwonjezera kuti ndibweze zimene ndaphonyazo? — Mayi wokonzekera 70.3

YANKHO: Ayi mayi, musabweze. Masiku atatu kapena anayi sachotsa mphamvu zimene mwamanga kwa miyezi, pomwe kuunjika zokonzekera za sabata yonse m'masiku awiri ndiko kumavulaza anthu. Mukabwerako pitirizani pamene ndondomeko yafika, ndipo ngati n'kofunika kusankha, sungani ulendo wautali wapanjinga ndi kuthamanga kwautali, zina zonse zipite. Paulendo nyamulani nsapato zothamangira, chifukwa mphindi 30 m'mawa zimapezeka pafupifupi kulikonse, ndipo ngati masiku a ulendowo mumawadziwiratu, konzani kuti sabata yochepetsa maola ija igwere pa masiku omwewo.